Funsani Tikuyankheni: Parishi ya Mua ndi Sukulu Zake

Mwezi uno makalata ambiri amene afika pa tebulo lathu akufunsa za mbiri ya maparishi akale a Mpingo wa Katolika ndi sukulu zake, ndipo poti ambiri mwa iwo atchula Mua, ya m'boma la Dedza, tasankha kuyankha amene akukhudza parishi imeneyi.

FUNSO: Akonzi, ine ndi mnzanga wa ku Ntcheu takhala tikutsutsana. Ine ndikuti parishi ya Mua ndiyo yoyamba ya Akatolika m'Malawi muno, iye akuti yoyamba ndi Nzama. Tiweruzeni. — Wowerenga wa ku Mtakataka

YANKHO: Bambo, mnzanuyo ndiye wapambana, ngakhale kuti nanunso simudasochere kwenikweni. Ansembe oyamba a Katolika kudzakhazika mishoni m'dziko lino adali a chipani cha White Fathers, chimene adachiyambitsa Kadinala Charles Lavigerie ku Algiers m'chaka cha 1868. Iwo adafika kwa Mfumu Mponda, kufupi ndi kumene kuli tawuni ya Mangochi lero, kumapeto kwa December 1889. Adatsegula kasukulu, adathandiza odwala, koma ntchito sidamere mizu, chifukwa mfumuyo ndi anthu ake adali atatsamira kale ku Chisilamu, komanso ansembewo adabwera pansi pa chitetezo cha Apwitikizi pa nthawi imene Apwitikizi ndi Angerezi ankalimbirana dera limeneli. Mu June 1891 adachoka nkupita ku Mambwe, kumpoto kwa dziko limene lero ndi Zambia. Ulendo wa Papa Yohane Paulo Wachiwiri wa mu May 1989 udagwera m'chaka chokumbukira kuti papita zaka 100 kuchokera pa chiyambi cha kwa Mponda chimenechi.

Patapita zaka khumi chichokereni a White Fathers kwa Mponda, ansembe atatu a chipani cha Montfort, Pierre Bourget, Auguste Prézeau ndi Antoine Winnen, adafika ku Nzama, m'boma la Ntcheu, kwa Mfumu Njobvuyalema, pa 25 July 1901, ndipo mishoni imeneyi sidatsekedwepo kufikira lero. A White Fathers adabwereranso mu 1902 motsogozedwa ndi Bambo Mathurin Guillemé. Adayamba kumanga ku Chiwamba, kenaka mu September chaka chomwecho adatsegula Mua. Mishoni ya ku Chiwamba idasamukira ku Likuni mu 1903, chaka chimene Kachebere idatsegulidwanso. Choncho mukakumananso ndi mnzanuyo mumuvomereze za Nzama, koma mumuuze kuti mwa mamishoni onse a White Fathers m'Malawi, Mua ndiyo yakale kwambiri imene idakali pamalo pomwe idayambira, m'tsinde mwa mapiri a Dedza, m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe, m'dziko la Inkosi Kachindamoto.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa pulayimale ndipo ophunzira anga a Sitandade 7 adandifunsa kuti chidayamba nchiyani pa mishoni, tchalitchi kapena sukulu, nanga ana ankaphunzira chiyani. Ndithandizeni kuti ndikawayankhe zoona. — Mayi wa ku Golomoti

YANKHO: Mayi, ana anuwo afunsa funso limene akuluakulu ambiri salifunsa. Tikawerenga mbiri za maparishi zimene zimalembedwa pa zikondwerero, timapeza mndandanda wa abambo mfumu ndi zaka zimene nyumba zidamangidwa, ndipo sukulu imangotchulidwa kumapeto ngati chinthu chimene parishi idachita itakhazikika kale. Zoona zake nzakuti pa Mua, monganso pa Likuni, Kachebere ndi Bembeke, parishi idatuluka m'sukulu. Ansembe atafika sadapeze Mkatolika ndi mmodzi yemwe woti nkumumangira tchalitchi. Chimene akadatha kuchita chidali kusonkhanitsa ana, kuwaphunzitsa zilembo ndi mapemphero, nkudikira kuti ena mwa iwo adzapemphe ubatizo.

Ndipo kudikirako kudali kwa nthawi yaitali. Lamulo limene Lavigerie adasiyira ansembe ake lidali lakuti munthu wamkulu asabatizidwe asanaphunzire kwa zaka zinayi, pokhapokha ngati ali pafupi kufa. Motero munthu ankayamba ngati womvera chabe, kenaka nkulembedwa m'kalasi ya ubatizo, ndipo nthawi yonseyi ansembe ankayang'ana ngati akubwera mokhulupirika, ngati wasiya mitala, ngati akudziwa katekisimu pamtima. Malo ochitira zonsezi adali sukulu ya m'mudzi.

Ana anuwo asaganize za nyumba ya njerwa ya malata. Sukulu ya m'mudzi idali kanyumba ka mitengo ndi dothi, kofolera ndi udzu, kamene anthu a m'mudzimo ankamanga okha mfumu yawo ikavomera. Mipando idali mitengo yogoneka pansi kapena timizere ta dothi towumba. Kutsogolo kunkapachikidwa chipepala chachikulu cha zilembo, ndipo mphunzitsi ankaloza ndi kamtengo, ana nkumayankha onse pamodzi mokweza: a, e, i, o, u, kenaka ba, be, bi, bo, bu. Asanakhale ndi masileti, ana ankalemba ndi chala pamchenga. Kuphunzira kuwerenga kukatha ankatembenukira ku katekisimu, mphunzitsi akufunsa, ana akuyankha monga zidalembedwera, mpaka mawuwo atakhazikika m'mutu. Lamulungu kanyumba komweko kankasanduka tchalitchi, mphunzitsi yemweyo nkutsogolera mapemphero, popeza wansembe ankangofika mwa apo ndi apo, wapansi kapena panjinga, kudzayesa ophunzira ndi kuchita Misa. Nthambi zambiri za maparishi zimene tikuziona lero zidayamba chotere, ndipo nchifukwa chake m'madera ambiri tchalitchi ndi sukulu zili pabwalo limodzi.

Munthu amene adasenza ntchito yonseyi adali mphunzitsi wa m'mudzi, amene adalinso katekisiti. Iye ankaphunzitsidwa pa mishoni, nkutumizidwa kumudzi kumene mwina kudalibe mbale wake aliyense, pa malipiro ochepa kwambiri, ndipo ankayenera kukhala bwino ndi nyakwawa, kukopa makolo kuti alole ana kusiya kuweta mbuzi ndi kuingitsa mbalame m'minda, kubatiza odwala kayakaya, ndi kukapereka lipoti kwa ansembe. Ife timaona kuti mbiri ya parishi imene ikutchula wansembe aliyense wochokera ku France, Holland kapena Canada koma osatchula aphunzitsi amenewa ndi yoperewera kwambiri, chifukwa anthu ambiri amene adalowa Chikatolika m'zaka zoyambazo adachimva koyamba kuchokera pakamwa pa Mmalawi mnzawo.

Pali chinanso chimene chidachititsa kuti sukuluzi zichuluke mofulumira, ndipo sitiyenera kuchibisa: mpikisano ndi mishoni ya Dutch Reformed, imene idali itakhazikika kale ku Mvera kuyambira 1889 ndi ku Nkhoma kuyambira 1896. Mudzi umene walandira sukulu ya Adatchi unkawerengedwa kuti ndi wawo, umene walandira ya Aroma, monga momwe anthu ankawatchulira Akatolika, unkakhala wa Aroma. Mbali zonse ziwiri zinkathamangira kwa mafumu, ndipo madandaulo a malire a sukulu ankafika mpaka kwa bwanamkubwa wa boma. Mafumu ena ochenjera ankagwiritsa ntchito mpikisanowu pokangana ndi mafumu anzawo. Zotsatira zake zidali sukulu zambirimbiri zofalikira ponseponse, koma zamaphunziro osazama.

Pa mfundo imeneyi Akatolika ayenera kuvomereza kuti m'zaka makumi awiri kapena atatu zoyambirira sukulu zawo zidatsalira kumbuyo kwa za mamishoni a ku Scotland, a Blantyre ndi Livingstonia, pa nkhani ya Chingerezi ndi maphunziro apamwamba. Ansembe ambiri chinenero chawo chidali Chifalansa, ndipo cholinga chawo chidali kupeza Akhristu a m'midzi, osati makalaliki a boma. Zinthu zidayamba kusintha boma la atsamunda litalowererapo. Chithandizo chake choyamba, cha mu 1907, chidali £1,000 yokha yogawana mamishoni onse a m'dziko muno. Komiti ya Phelps-Stokes, yofufuza za maphunziro m'maiko a mu Africa, itayendera dziko lino mu 1924, boma lidakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro mu 1926, ndipo lamulo la maphunziro la 1927 lidayamba kufuna aphunzitsi okhala ndi masatifiketi pa sukulu zolandira chithandizo. Roma nayenso adalankhulapo: mu 1928 nthumwi ya Papa, Arthur Hinsley, idauza aepiskopi ndi amishonale ku Dar es Salaam kuti ngati sangathe kuchita zonse ziwiri, ndi bwino ntchito ya matchalitchi iyambe yaima kuti sukulu zikonzedwe. Kuyambira pamenepo sukulu ya pa mishoni penipeni idakwezedwa kukhala ya makalasi apamwamba, kumene ana anzeru a m'sukulu za m'midzi ankabwera kudzagonera, maphunziro a uphunzitsi adalimbikitsidwa, ndipo mu 1942 Akatolika adatsegula sekondale yawo yoyamba ku Zomba.

Mukawayankhe ana anuwo mwachidule kuti poyamba sukulu ndi tchalitchi zidali nyumba imodzi, ndipo mphunzitsi ndi mlaliki adali munthu mmodzi.

FUNSO: Agogo anga ankanena kuti kale anyamata a sukulu ya mishoni ndi a kudambwe sankamwerana madzi. Nanga zatheka bwanji kuti lero pa Mua pomwepo pakhale nyumba yosungiramo zigoba za gule wamkulu? — Mnyamata wa ku Salima

YANKHO: Agogo anu adanena zoona, achimwene. Mkangano wa mishoni ndi nyau udali waukulu ku Mua ndi m'maparishi ena a chigawo chapakati, makamaka m'zaka za m'ma 1920, ndipo phata lake lidali ana. Ansembe ankati munthu sangakhale m'kalasi ya ubatizo kwinaku akupita kudambwe kapena kuchinamwali cha kumudzi. Akuluakulu a mizinda nawonso adaona msanga kuti mwana akalowa sukulu amayamba kumvera mphunzitsi ndi wansembe kuposa atsibweni ake ndi nyakwawa. Kwa Achewa a m'derali, amene adali atagonjetsedwa kale ndi Angoni kenaka ndi Angerezi, dambwe lidali malo otsala okha kumene ulamuliro udali m'manja mwawo. Choncho adayamba kulowetsa anyamata ku nyau adakali aang'ono, asanakopeke ndi sukulu, ndipo m'midzi ina gule akayamba sukulu inkakhala yopanda ana kwa masabata. Akhristu ena nawonso ankaputa dala mkangano poulula zinsinsi za kudambwe kapena kulanda zigoba, milandu nkumakathera kwa bwanamkubwa.

Nyau zidayankhanso mwa njira yakeyake, imene ndi kuseka. Pabwalo padayamba kutuluka zilombo zotengera anthu a m'chipembedzo chatsopanocho, monga Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, ndi Maliya, zimene zikuvinidwabe mpaka lero.

Kusintha kudadza pang'onopang'ono. Msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican, wa 1962 mpaka 1965, udalimbikitsa Mpingo kulemekeza zabwino zopezeka m'miyambo ya anthu ndi kupembedza m'zinenero zawo. Bambo Claude Boucher, wansembe wa White Fathers wochokera ku Canada, amene adafika m'dziko muno mu 1967 ndipo anthu adamupatsa mfunda wa Chisale, adayambitsa malo a Kungoni pa Mua mu 1976. Poyamba adali malo ophunzitsira luso losema, ndipo ziboliboli za osema a kumeneko zili m'matchalitchi ambiri m'dziko muno ndi kunja. Pambuyo pake padamangidwa nyumba ya Chamare, imene dzina lake likukumbutsa mmishonale wa ku France, Jean-Baptiste Champmartin, amene anthu a ku Mua ankamutcha Chamare. M'nyumbamo muli zigoba za gule wamkulu zoposa 400, pamodzi ndi mafotokozedwe a miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayawo. Mu 2005 bungwe la UNESCO lidaika gule wamkulu pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse lapansi.

Musaganize kuti aliyense adakondwera nazo. Alipo Akhristu amene amaona kuti zigoba siziyenera kukhala pafupi ndi tchalitchi, ndipo alipo eni gule amene amaona kuti zinthu za kudambwe siziyenera kuonedwa ndi munthu wosameta, kaya walipira pakhomo kaya ayi. Madandaulo a mbali yachiwiriyi ife timawaona kuti ndi olemera kuposa mmene alendo odzacheza amaganizira.

FUNSO: Kodi nzoona kuti wansembe woyamba wa Chimalawi adachokera ku Mua? — Wowerenga wa ku Dedza

YANKHO: Nzoona, tikanena za Mpingo wa Katolika. Cornelius Chitsulo adabadwira m'dera la parishi ya Mua mu 1909, patangopita zaka zisanu ndi ziwiri mishoni itatsegulidwa. Adadzera m'sukulu za mishoni ndi m'seminale yaing'ono, imene idayambira pa Mua pomwepo isanasamukire ku Kasina, ndipo popeza seminale yaikulu ya Kachebere idali isanatsegulidwe (idatsegulidwa mu 1939), maphunziro ake a unsembe adakachitira ku Kipalapala, kufupi ndi Tabora, m'dziko la Tanganyika. Adadzozedwa unsembe mu 1937. Dera la Dedza litapatulidwa kukhala loima palokha mu Mpingo mu 1956, iye ndiye adasankhidwa kulitsogolera, ndipo adadzozedwa uepiskopi mu 1957, kukhala Mmalawi woyamba pa udindowu, dziko lisanalandire ufulu wodzilamulira. Adamwalira mu 1984.

Winanso wobadwira ku Mua ndi Patrick Kalilombe, wa 1933, amene adaphunzira ku Kasina ndi ku Kachebere, nakhala Mmalawi woyamba kulowa chipani cha White Fathers, ndipo mu 1972 adakhala episkopi wa Lilongwe. Iye ndiye adalimbikitsa kwambiri miphakati, timagulu ta Akhristu oyandikana nyumba topemphera ndi kuthandizana patokha. Boma la Dr Banda lidakayikira timaguluti, ndipo izi zidachititsa kuti achoke m'dziko muno, natula pansi udindo mu 1979. Adaphunzitsa ku Birmingham, ku Britain, kenaka adabwerera kudzaphunzitsa ku Chancellor College ku Zomba, ndipo adamwalira mu 2012.

FUNSO: Ine sindine Mkatolika, koma sukulu yapafupi ndi kwathu ndi ya parishi. Aphunzitsi amalipidwa ndi boma, komabe bambo mfumu amalowerera pa nkhani za sukuluyo. Mwini wake weniweni ndani, nanga mwana wanga angakakamizidwe kulowa mpingo? — Kholo la ku Chipoka

YANKHO: Funso lanu likukhudza sukulu zambiri za pulayimale m'dziko muno, za Akatolika, za CCAP, za Anglican ndi za Asilamu zomwe. Malo ndi nyumba zambiri ndi za mpingo umene udayambitsa sukuluyo, ndipo pa sukulu ya Katolika mwini wake pa malamulo ndi dayosizi, imene bambo mfumu amaiimira pamalopo. Koma kuyambira pamene boma lidatenga udindo wolemba ndi kulipira aphunzitsi, iwo ndi antchito a boma, silabasi ndi ya boma, ndipo mayeso a Sitandade 8 ndi a MANEB monga pa sukulu ina iliyonse. Nchifukwa chake mumaona maulamuliro awiri pabwalo limodzi. Mwini sukulu amakhala ndi mawu m'komiti yoyendetsa sukulu, pa kasamalidwe ka malo, ndi pa khalidwe limene akufuna kuti sukuluyo idziwike nalo, ndipo kawirikawiri amafuna kufunsidwa posankha mphunzitsi wamkulu. Mikangano imabuka pamene mbali imodzi yaiwala kuti inayo iliponso.

Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, chiwerengero cha ana m'dziko lonse chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni kapena kuposerapo m'chaka chimodzi, ndipo nyumba zimene maparishi adamangira ana ochepa zidadzaza mpaka makalasi ena kumaphunzirira pansi pa mitengo. Kuyambira nthawi imeneyo funso lakuti akonze denga ndani, boma, parishi kapena makolo, lakhala likuvuta m'malo ambiri. Tikumbutsenso kuti aepiskopi a Katolika adali atadandaula kale za kuthithikana kwa ana m'makalasi ndi kuchepa kwa aphunzitsi ndi mabuku m'kalata yawo yotchuka ya pa 8 March 1992.

Za mwana wanu, mtima ukhale m'malo. Malamulo aakulu a dziko lino amateteza ufulu wa chipembedzo, ndipo sukulu yothandizidwa ndi boma imalandira mwana aliyense. Adzamva mapemphero a Chikatolika pa mzere wa m'mawa, koma maphunziro okonzekera ubatizo, Ukaristia ndi ulimbitso masiku ano ndi ntchito ya parishi, amachitika padera, ndipo amapitako ndi amene makolo awo afuna. Ngati pali chimene chikukudetsani nkhawa, yambani mwakambirana ndi mphunzitsi wamkulu, ndipo chikakanika mukachitule ku komiti ya sukulu kapena kwa mlangizi wa maphunziro wa m'dera lanu. Pa Mua pomwepo pali sukulu ya ana osamva imene imalandira ana ochokera kutali, a zipembedzo zosiyanasiyana, monganso chipatala cha mishoni sichifunsa wodwala kumene amapemphera.

FUNSO: Parishi yathu ikukonzekera chikondwerero ndipo andipatsa ntchito yolemba mbiri yake pamodzi ndi ya sukulu. Ndiyambire pati? — Mlembi wa bungwe la parishi, Ntcheu

YANKHO: Yambirani mu ofesi ya parishi, mwa chilolezo cha bambo mfumu. Mabuku a ubatizo, a ukwati ndi a maliro amasonyeza tsiku, mudzi, makolo, ndi dzina la wobatiza, ndipo mukawatsata chaka ndi chaka mudzaona midzi imene Chikhristu chidayambira ndi mmene chidafalikira. Muyang'anitsitse maina a amboni ndi a obatiza odwala kayakaya, chifukwa dzina limene likubwerezedwa kawirikawiri pa mudzi umodzi nthawi zambiri limakhala la mphunzitsi wa pamenepo. Ngati parishi yanu idabadwa kuchokera ku ina, zaka zoyambirira mudzazipeza m'mabuku a parishi yaikuluyo. Dziwani kuti zolemba zakale zambiri zili m'Chilatini, ndipo mabuku a zochitika za tsiku ndi tsiku amene amishonale ankasunga adalembedwa kwambiri m'Chifalansa, choncho mudzafuna wokuthandizani kumasulira. Makope a mabuku otere a White Fathers amasungidwa ku likulu lawo ku Rome, pamene makalata a pakati pa mishoni ndi boma la atsamunda, kuphatikizapo a milandu ya sukulu, ali ku nyumba yosungira zakale ya boma ku Zomba.

Ku sukulu mupemphe buku lolembamo zochitika ndi kaundula wa ana olowa, ngati chiswe chidawasiyako. Kenaka mupite kwa okalamba, ndipo musachedwe nazo. Musafunse akuluakulu a mpingo okha: mufunsenso amayi amene adaphunzira kwa asisitere, ana ndi zidzukulu za aphunzitsi oyamba, mafumu amene makolo awo adapereka malo, ngakhalenso a mipingo ina ndi a kudambwe, amene nkhani yomweyo amaikumbukira mwina. Chaka chimene wokalamba wakuuzani muchiyerekeze ndi cha m'mabuku, ndipo pamene ziwirizi zasemphana mulembe zonse, nkunena amene wakuuzani. Anthu ambiri sakumbukira chaka koma amakumbukira chochitika, choncho muziwafunsa ngati sukuluyo idamangidwa njala ya 1949 isanagwe kapena itapita, kapena ngati njanji yopita ku Salima, imene idatha mu 1935, idali itadutsa kale.

Mafunso a mwezi wamawa atipeze lisanafike tsiku la 15, ndipo amene mwafunsa za Nguludi ndi Likuni tidzakuyankhani m'kope lotsatira.